Nyumba yaikulu kutali kapena yaing'ono pafupi?

Zikomo Alangizi,

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo ine ndi amuna anga tatsala pang'ono kugula nyumba yathu yoyamba. Banki yavomera kutipatsa ngongole yobweza kwa zaka 20. Koma sitikugwirizana za dera loti tikakhale, moti nkhaniyi yayamba kutidanitsa m'banja.

Nyumba zimene tikuziganizira ndi ziwiri, ndipo mitengo yake sikusiyana kwenikweni. Ina ndi yaikulu, ya zipinda zinayi ndi bwalo lotakasuka, kudera latsopano kunja kwa mzinda. Bambo a kunyumba mtima wawo uli pomwepo. Akuti derali likukula, msewu wa phula ubwera, ndipo mtengo wa nyumbayo udzakwera. Inayo ndi yaing'ono, yakale, denga lake likufunika kukonza, koma ili kudera lokhazikika kumene ana angamapite kusukulu wapansi.

Chikundisowetsa tulo ndi zimene ndinaona pa nyumba yaikuluyo. Inamangidwa kumunsi, kumene malo onse amatsetserekera. Pa mpanda wakuseri pali mzere wa matope ouma wolekeza m'mawondo, wowongoka kuchoka pakona ina kukafika inzake. M'nyumbamo apakamo penti yatsopano, koma m'chipinda china yayamba kale kusupuka cha m'munsi mwa khoma, ndipo mukumveka fungo la chinyontho. Ngalande m'deramo mulibe. Ndimadziwa kuti nyumba zikachuluka, madenga ndi simenti zimaphimba nthaka imene inkamwa madzi, ndiye mvula ikagwa madzi onse amathamangira kwa amene ali kumunsi. Choncho kukula kwa dera kumene amuna anga akukudalira ndi komweko kumene ine ndikukuopa. Wogulitsa akunenetsa kuti madzi sanalowemo m'nyumba, koma mayi wina woyandikana nayo anangondiuza kuti ndidzabwerenso nthawi ya dzinja ndidzadzionere ndekha.

Palinso nkhani ya mtunda. Timakhala ndi mayi anga, amene ali ndi matenda a shuga, ndipo shuga akatsika kwambiri usiku munthu safunika kuchedwa naye. Kuchokera kumeneko chipatala chili kutali, msewu wake ndi wadothi. Ndalama zoyendera kupita kuntchito ndi kusukulu tsiku ndi tsiku sizioneka pa mtengo wa nyumba, koma zidzatuluka m'thumba lomwelo lobwezera ngongole.

Sindikufuna muganize kuti amuna anga ndi osamva. Anakulira m'nyumba yopanikizana, ndipo chikhalireni pa lendi akhala akulakalaka kuti mwana aliyense adzakhale ndi chipinda chake. Ndikawaona akuyeza bwalo lija ndi mapazi, kusonyeza pamene adzabzale mitengo, mawu amandithera. Komanso dera la nyumba yaing'onoyo lili ndi zake. Pafupi pali malo omwera mowa, ndipo titadutsako Loweruka usiku tinapeza nyimbo zili pamwamba mpaka mawindo a galimoto kunjenjemera. Mwana wathu wamkulu akulowa m'zaka zovuta, ndiye zimenezi sindikuzipeputsa ayi.

Wogulitsa nyumba yaikuluyo akuti pali wina amene akuifuna, ndipo tipereke dipoziti mwezi uno usanathe. Mvula ikadali kutali.

Ndithandizeni, Alangizi. Nkhani ya msewu wa phulayi tingaitsimikize kuti? Kodi munthu wamba angapite kukhonsolo kukapempha kuona mapulani a dera, kuti adziwe ngati pali msewu, ngalande kapena fakitale imene ikubwera? Munthu amene banki imatumiza kudzaona mtengo wa nyumba, kodi amaonanso za kusefukira kwa madzi, kapena tipeze katswiri wathuwathu? Nanga a inshulansi tikawafunsa tisanagule, angatiuze ngati malowo amawaona kuti ndi oopsa?

Koma chachikulu n'chakuti ndiwayankhule bwanji bambo a ana angawa kuti asaone ngati ndikuwaphera maloto awo. Ndikangotchula za mzere wa matopewo amakhala chete, n'kutuluka panja. Kodi ndiumirire kuti tidikire dzinja ngakhale nyumbayo itapita kwa wina, kapena tizisiye zonse ziwiri n'kuyambanso kufufuza kudera lina?

Ine,
Mayi wothedwa nzeru