Lipoti la msonkhano wa ku Johannesburg: mmene gallery yaing'ono ya nsalu imagwirira ntchito ndi ife osoka

A wapampando, a komiti, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu la osoka, opeta ndi oluka,

Munandituma ku msonkhano wa eni nyumba zing'onozing'ono zoonetsera zaluso, zimene kumeneko amangoti gallery, pamodzi ndi magulu opanga nsalu zamanja. Ndiyambe ndi za ndalama, popeza ndi zimene zakhala zikunong'onedwa. Malo ogona ndi chakudya chamasana analipira ndi amene anatiitana. Alawansi ya gulu inapita pa tikiti ya basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, chakudya chapanjira ndi mayendedwe a m'tauni. Malisiti ali kwa a msungichuma ndipo yotsala ndabweza. Wofuna kuona apite akaone, kusiyana n'kumalankhulira kumbali.

Zolankhula zotsegulira, phunziro la kutsatsa malonda pa Instagram ndi la kalembedwe ka mapempho a thandizo zinali zimene timazidziwa kale. Mapepala ake ndasiya kwa a mlembi.

Chimene tonse tiyenera kumvetsa n'chakuti gallery yaing'ono sigula nsalu yako. Imailandira, kuipachika ndi kuitana ogula, ndipo ikagulitsidwa m'pamene mumagawana ndalama. Kufikira tsiku limenelo nsaluyo ndi yako, ngakhale ili pakhoma la eni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. N'chifukwa chake gallery yolongosoka silandira katundu popanda pepala la mgwirizano. Papepalapo pamalembedwa nsalu iliyonse payokha: dzina lake, muyeso m'masentimita, zimene yapangidwira, chaka, ndi mtengo wa pakhoma. Pamalembedwanso gawo la aliyense, miyezi imene nsalu ikhale kumeneko, wolipira ulendo wopita ndi wobwerera, woyankha ikabedwa kapena kupsa, ndi tsiku lolandira ndalama, limene ambiri amati lisapitirire masiku 30 wogula atamaliza kulipira. Katundu akafika amamuyala patebulo, kumujambula kutsogolo ndi kumbuyo, kulemba banga lililonse ndi ulusi uliwonse wosomphoka, ndipo mbali zonse ziwiri zimasayina. Nsalu ikamabwerera amachitanso chimodzimodzi. Mkangano woti inaonongekera kuti umathera pazithunzizo.

Apa sindingadutse osatchula nsalu zathu zimene tinakasiya pashopu ya malo ena ogona alendo kunyanja. Popereka panalibe pepala, panalibe chithunzi. Pamene ena tinati tilembe, tinayankhidwa kuti eni akewo ndi anthu odziwana nawo. Lero woyang'anira shopuyo ndi wina, chiwerengero chake cha nsalu ndi chathu sizikugwirizana, ndipo zimene zinabwerera zinali zofwifwa mbali imodzi chifukwa zinakhala pawindo. Amayi amene anapeta nsalu zija mpaka lero sanauzidwe chilichonse chomveka, ndipo nkhaniyi ikangotchulidwa pamsonkhano imasunthidwira ku "zina ndi zina".

Gawo la gallery nthawi zambiri ndi theka la mtengo, ena amatenga 40 peresenti. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukamva theka mumati ndi kuba. Ine sindikuvomereza. Mu theka lawolo muli lendi, magetsi, malipiro a munthu wokhala m'nyumbamo tsiku lonse, wojambula zithunzi, zakumwa za tsiku lotsegulira, ndalama imene banki imadula wogula akalipira pakhadi, komanso anthu ogula amene iwo awasonkhanitsa kwa zaka, amene ife sitingawapeze patokha. Pamene pali kuba penipeni ndi pa mawu osalembedwa. Tiyerekeze kuti nsalu ili pakhoma pa R4,600. VAT ya ku South Africa ndi 15 peresenti, ndipo gallery yolembetsa msonkhowu ikauchotsa kaye pamatsala R4,000, aliyense R2,000. Wogula akapempha kuti amuchotsere 10 peresenti, zogawana zimatsika kufika R3,600. Ngati pepala likuti kuchotserako n'kwa onse awiri, aliyense alandira R1,800. Ngati pepala silinena kanthu, mwini gallery akhoza kusunga R2,000 yake, wosoka n'kulandira R1,600. Tizifunsa tisanasayine: gawo likuwerengedwa msonkho utachotsedwa kapena usanachotsedwe, ndipo angachotsere wogula mpaka pati osatifunsa.

Poika mtengo tiyambire kwathu. Werengani nsalu, ulusi, utoto, maola a ntchito ndi ulendo, mupeze ndalama imene ikuyenera kufika m'manja mwanu, kenako muiwirikize kawiri. Umenewo ndiye mtengo wa pakhoma, msonkho usanaonjezedwe. Ndipo mtengo ulembedwe mu ndalama ya kumene nsalu ikugulitsidwa. Tonse tikukumbuka mmene ulusi wopetera unakwerera kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Nsalu yokhala miyezi ingapo pamtengo wa makwacha ikhoza kubweza ndalama yosagula ngakhale zipangizo zake.

Lamulo limene eni gallery onse anatsindika ndi la mtengo umodzi. Nsalu yofanana isagulitsidwe kunyumba kwa wosoka motchipa kuposa pakhoma. Wogula akazindikira, sabwereranso, ndipo gallery imasiya kukuitana. Sinditchula munthu, koma tikudziwa kuti alendo amene amabwera kudzera m'gulu amatengeredwa kuseri n'kugulitsidwa pa theka la mtengo, ndalama osadzera m'buku. Ena amati njala siyembekeza. Ndikumva. Koma ndiye tikambirane zokhala ndi kathumba kobwereketsa membala pamene akudikira malipiro, osati kuphwanya mtengo wa anzathu onse.

Gawo limene ine ndinaona kuti lalipira ulendo wonse ndi limene anatilowetsa m'chipinda chokonzera nsalu zisanapachikidwe. Chinthu choyamba amatembenuza nsalu n'kuyang'ana kumbuyo. Mfundo zikuluzikulu, ulusi wolumpha kuchoka pa duwa lina kupita pa lina, zomatira ndi guluu, zonsezi zimachititsa nsalu kukanidwa kutsogolo kusanaonedwe n'komwe. Mfundo zimatukumula kutsogolo, ulusi wolumpha umakoka nsalu n'kuikwinya, ndipo guluu amasanduka wachikasu n'kuuma.

Nsalu ifike ili ndi popachikira. Njira yapafupi ndi thumba lalitali la bafuta wochapa, la masentimita 10 m'lifupi, losokedwa pamanja kumbuyo, pansi pang'ono pa mpendero wapamwamba, m'mene mumalowa kathabwa kapena ndodo. Thumbalo likhale lokhuthukira kumbuyo pang'ono, apo ayi ndodo imaonekera kutsogolo ngati mtsempha. Polisoka musatsatire mpendero, chifukwa mpendero wa nsalu yamanja suwongoka kwenikweni. Yalani nsalu pansi, jambulani mzere ndi rula, musoke motsatira mzerewo. Nsalu yolemera, monga yoluka ndi khonje kapena yodzaza mikanda, amaipachika ndi Velcro, timalamba tiwiri tomatana, kena kofewa kena kokala, monga ta pansapato za ana. Mbali yofewa ya Velcro amaisokera pamakina pa lamba wathonje, lambayo n'kumusokera pamanja kumbuyo kwa nsalu kuyambira ngodya ina kufika ina. Mbali yokala amaikhomera pathabwa lopakidwa vanishi, thabwalo n'kulimangirira kukhoma. Motero kulemera kumagawika mzere wonse, ndipo nsalu ikapendekeka amangoimatula n'kuimatanso. Misomali, mapini ndi timphete m'makona, zimene ife timachita pazionetsero, zimasiya dzimbiri ndipo nsalu imagwa mimba pakati.

Kuwala ndiye mdani amene sitimuwerengera. Nyumba zosungira zinthu zakale zimaika nsalu pa kuwala kosapitirira 50 lux, kumene ndi kuwala kochepa ndithu. Gallery yogulitsa imawalitsa kuposa apo, koma ndi mababu a LED, ndipo nsalu siikidwa pofika dzuwa. Utoto ukafwifwa subwerera, ndipo kuonongekako kumaunjikana tsiku ndi tsiku. Kuyesa utoto n'kosavuta: dulani kachigamba, phimbani theka lake ndi katoni, ikani pawindo milungu ingapo, kenako vundukulani muyerekeze. Anzathu onyika ndi makungwa ndi masamba achite zimenezi pa mtundu uliwonse asanasoke chinthu chachikulu. Za kusuluka, pukutani chitenje ndi kansalu koyera konyowa. Kakatenga mtundu, ndiye kuti tsiku lina mtunduwo udzalowerera pa ulusi woyera. Chitenje ndi bafuta zichapidwe zisanadulidwe, chifukwa sizifupika mofanana, ndipo zikakumana ndi chinyezi zitasokedwa kale msoko umakwinyika. Kuviika m'madzi amchere sikugwiritsa utoto wa chitenje chogula, ngakhale ambiri timakhulupirira choncho.

Chinyezi cha mpweya amafuna chikhale cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Chikapitirira 65 nkhungu imayamba. Kwathu kuno m'miyezi yamvula zimenezi zikutanthauza kuti nsalu zomalizidwa zisasungidwe m'majumbo apulasitiki kapena m'chikwama chogundana ndi khoma. Zikulungidwe m'bafuta wochapa, pamalo okwera opita mphepo, kutali ndi utsi wa kukhitchini, chifukwa fungo la utsi silichoka ndipo wogula amalimva. Sitachi ndi phala la ufa limene amajambulira nsalu, monga amachitira ku Mfuwe ku Zambia, zichapidwe zitheretu, chifukwa ndi chakudya cha mphemvu ndi tizilombo tina. Chilichonse chokhala ndi ubweya amachikayikira njenjete. Amachitsekera m'pulasitiki n'kuchiika mufiriza yozizira madigiri 18 pansi pa ziro kwa milungu iwiri, ndipo akachitulutsa sachitsegula mpaka tsiku lathunthu litapita, kuti thukuta ligwere papulasitiki osati pansalu. Ndi magetsi athu ozimazima njirayi sitingaidalire, choncho tizinena poyera m'pepala kuti nsalu ili ndi ubweya, iwo akaichitire komweko.

Potumiza, nsalu sipindidwa. Imakulungidwa papaipi ya masentimita 10 kapena kuposerapo yokutidwa ndi bafuta, kumaso kwake kuli kunja kuti zopeta zisafinyike, kenako mpukutuwo n'kuulowetsa m'paipi ina yokulirapo yotseka mbali zonse. Pamalire pamafunika mndandanda wa katundu ndi mitengo yake, ndipo zosagulidwa zidzafuna mapepala pobwerera. Njere, nthenga ndi zikopa zosokerera pansalu zikhoza kuimitsa katundu yense pamalire.

Posankha woti aonetse, gallery yaing'ono imakonza ndondomeko yake pafupifupi chaka chisanafike, ndipo chionetsero chimodzi chimakhala mwezi kapena kupitirirako pang'ono. Amafuna zithunzi zojambulidwa pamthunzi masana, nsalu yonse ndi china chapafupi choonetsa msoko, pamodzi ndi mawu ochepa onena za wosoka. Chimene safuna ndi njovu, mlambe ndi mayi wosenza mtsuko zobwerezedwa kakhumi. Zimenezo ndi za pamsika wa alendo ndipo zili ndi malo ake. Taonani Billie Zangewa, amene anabadwira ku Blantyre mu 1973: amasoka pamanja zigamba za silika zoonetsa moyo wake wa tsiku ndi tsiku panyumba, ndipo ntchito yake ikuonetsedwa m'maiko ambiri. Pakati pathu pali amayi amene akhoza kupeta mzere wa pachigayo kapena sikelo ya ana, koma timawabweza kuti sizigulika.

Nkhani imene inatenthetsa msonkhano ndi ya dzina. Anagwirizana kuti pakapepala ka pakhoma pazilembedwa dzina la wopanga, kenako la gulu, ndipo ngati wojambula ndi wina, wopeta ndi wina, onse awiri alembedwe. Ine ndinakweza dzanja kuvomereza, ndipo ndikudziwa kuti simunanditume kukachita zimenezo. Otsutsa anati dzina la munthu limaswa gulu, chifukwa wotchuka amayamba kuitanidwa yekha. Si bodza. Komatu gulu la opeta la Mapula la ku Winterveld ku South Africa, limene linayamba mu 1991, amayi ake amapeta maina awo pansalu ndipo gulu likadalipo. Ntchito imene ndi ya manja ambiri, monga nsalu ya mamita 120 imene amayi oposa 100 a gulu la Keiskamma anapeta ku Hamburg ku Eastern Cape, ndi yoyenera dzina la gulu. Koma nsalu imene mayi mmodzi waipeta yekha miyezi itatu, bwanji dzina lake libisike? Kwathu kuno dzina lokhalo limene limamveka ndi la amene amalankhula ndi alendo, ndipo achinyamata awiri atatu amene anatichoka ananena zomwezi.

Mogwirizana ndi zimenezi, kugulitsa nsalu sikugulitsa umwini wa chojambulacho. Gallery ipatsidwe chilolezo chogwiritsa ntchito zithunzi potsatsa chionetsero basi, osati kusindikiza pamapilo kapena pamakadi ogulitsa. Lamulo lathu la Copyright la 2016 limateteza ntchito zotere, ndipo ndikupempha a mlembi akafunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, mmene gulu ngati lathu lingalembetsere. Mfundo yoti wosoka asagulitse kwina kulikonse ali pamgwirizano ndi gallery ndinaikana, ndipo sindinali ndekha. Ikakhalapo, ikhale ya mzinda umodzi ndi nthawi ya chionetsero yokha.

Chitsanzo cha pepala la mgwirizano ndabwera nacho, ndipo ndalimasulira m'Chichewa kuti aliyense adziwerengere yekha. Pempho langa n'lakuti pamsonkhano ukubwerawu tivomereze kuti nsalu isatulukenso m'kabati ya gulu popanda pepalalo ndi chithunzi, kaya ikupita ku Lilongwe kaya kwa m'bale wa membala. Nkhani ya maina tiivotere, amene akutsutsa apatsidwe mpata wokwanira. Ya kunyanja ikhale yoyamba pa ndondomeko, tisankhe anthu awiri opita ndi buku la gulu kukawerenga zimene zatsala, ndipo mmodzi mwa iwo akhale mwa amayi amene anapeta nsaluzo.