Majakisoni okonzera nkhope asabayidwe m'saluni

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya majakisoni otchedwa filler, amene anthu amabayitsa kumaso pofuna kufafaniza makwinya, kudzaza masaya olowa, kukulitsa milomo kapena kuwongola mphuno ndi chibwano. Ndine namwino ndipo ndimagwira ntchito ku England, kumene malonda amenewa anazika kale mizu moti saluni zina zokonza tsitsi ndi zikhadabo zimamata mtengo wake pawindo. Zotsatsa zake pa Instagram ndi pa TikTok sizisankha dziko, choncho mtsikana wa ku Lilongwe akuona zithunzi zomwezo zimene akuona mnzake wa ku Manchester kapena wa ku Johannesburg. Mfundo yanga ndi imodzi: ntchito imeneyi ndi ya chipatala, ndipo dziko lathu la Malawi likuyenera kuiikira malamulo omveka bwino malonda ake asanakule.

Munthu akamakula, sikuti khungu lokha ndi limene limasintha. Mafuta amene ali pansi pa khungu la kumaso amachepa ndipo ena amatsikira m'munsi, mafupa ozungulira maso ndi a nsagwada amaphwa pang'onopang'ono, ndipo khungu limasiya kutamuka monga linkachitira pa unyamata. N'chifukwa chake masaya amalowa, m'munsi mwa maso mumachita zigwa, ndipo mizere yochokera pamphuno kutsikira m'mbali mwa kamwa imazama. Filler ndi mankhwala olimba ngati jele amene amabayidwa pansi pa khungu kuti adzaze malo amene aphwawo. Wotchuka kwambiri ndi wa hyaluronic acid, chinthu chimene thupi lathu lili nacho kale m'khungu, m'malo olumikizira mafupa ndi m'maso, ndipo chimasunga madzi ambiri. Ku America, bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza mitundu iwiri ya filler ameneyu, Restylane mu 2003 ndi Juvéderm mu 2006, pomwe kale ankagwiritsa ntchito filler wa collagen wochokera ku ng'ombe amene anavomerezedwa mu 1981. Kawirikawiri sirinji imodzi imakhala ndi mililita imodzi yokha, ndiye kuti sirinji zisanu n'zimene zingadzaze supuni yaing'ono ya tiyi, ndipo zotsatira zake zimaoneka kwa miyezi 6 mpaka 18 kutengera mtundu wa mankhwala ndi malo amene abayidwa. Filler si chimodzimodzi ndi Botox, amene amafooketsa minofu yokwinya nkhope kwa miyezi itatu kapena inayi, ngakhale otsatsa ambiri amazitchulira pamodzi.

Sindikulemba kalatayi kuti ndinyoze aliyense amene akufuna kukonza nkhope yake, ndipo Amalawi tili ndi chifukwa chathuchathu chosanyozera. Pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, mankhwala oyamba aja amene ankatchedwa 1A anali ndi stavudine, amene anapulumutsa miyoyo yambiri koma kwa ena ankasungunula mafuta a kumaso, m'mikono ndi m'miyendo. Ambiri a ife tikukumbukira abale athu amene thupi linabwerera bwinobwino, mphamvu zolimira zilipo, koma masaya atalowa mkati mpaka mafupa kuonekera, moti anthu pamsika kapena kutchalitchi ankangowayang'ana n'kudziwiratu zimene iwo sanafune kuuza munthu. Ena ankafika poganiza zosiya mankhwala chifukwa cha manyazi amenewo. M'chaka chomwecho cha 2004, FDA inavomereza filler wotchedwa Sculptra makamaka pofuna kubwezeretsa nkhope za anthu amene ali ndi HIV amene mafuta a kumaso anawathera, ndipo chilolezo chomugwiritsa ntchito pa makwinya a ukalamba chinabwera pambuyo pake mu 2009. Dziko lathu linachoka pa stavudine kupita ku ma ARV ena otchedwa 5A, koma mafuta amene anatha kumaso sabwerera msanga, ndipo kwa ena sabwerera n'komwe. Munthu wotere akafuna thandizo la filler, akufuna kuti aziyenda pagulu popanda kulozedwa zala, ndipo ameneyu ndiye woyenera kutetezedwa kwambiri kwa anthu ongofuna ndalama zake.

Kubaya jakisoniyu sikovuta, ndipo m'menemo ndi mmene muli msampha, chifukwa munthu akhoza kuphunzira kugwira sirinji pa tsiku limodzi n'kumadziona ngati katswiri. Chovuta ndi kudziwa zimene zili pansi pa khungu. Kumaso kuli mitsempha yambiri ya magazi, ndipo ina ya pamphuno, ya pakati pa nsidze ndi ya pachipumi imalumikizana ndi mtsempha umene umapereka magazi ku diso. Singano ikalowa mumtsempha, jele uja amatseka njira ya magazi. Khungu la pamalopo limayamba kufa, ndipo ngati mankhwalawo akankhidwira chakudiso, munthu amasiya kuona nthawi yomweyo, ndipo si kawirikawiri kuti diso lotere lidzaonenso. Mu 2015 FDA inachenjeza poyera za ngozi imeneyi, ndipo mu 2021 inachenjezanso kuti anthu asagwiritse ntchito timakina tooneka ngati cholembera timene timalowetsa filler m'milomo popanda singano, timene timagulitsidwa pa intaneti.

Ndinasamalirapo mayi wina amene anabayitsa filler m'mbali mwa mphuno kunyumba ya munthu amene anamupeza pa Facebook. Anamva ululu woopsa singano ili m'thupi, koma womubayayo anamuuza kuti ndi mmene zimakhalira, apite akaikepo madzi oundana. Pamene ankafika kuchipatala patapita masiku, phiko la mphuno linali litada, khungu lozungulira lili mawangamawanga, ndipo panali timatuza ta mafinya timene iye ankaganiza kuti ndi ziphuphu. Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti mankhwala osungunula filler wa hyaluronic acid alipo, dzina lake ndi hyaluronidase, ndipo akabayidwa m'maola oyambirira khungu limapulumuka. Womubayayo analibe mankhwalawo, ndipo foni anali atasiya kuyankha. Mayiyo anachira, koma ndi chipsera pakati penipeni pa nkhope imene ankafuna kuikongoletsa.

Kwa ife a khungu lakuda pali vuto lina loonjezera. Chizindikiro choyamba chakuti mtsempha watsekeka ndi kuyera kwa khungu pamalo obayidwa, ndipo zithunzi zambiri zophunzitsira zimaonetsa zimenezi pa khungu la azungu, pamene zimaoneka mosavuta. Pa khungu lathu pamangotuwa pang'ono kapena kuda mopitirira, moti munthu wosazolowera sangazindikire mpaka nthawi itatha. Khungu lathu limakondanso kusiya madontho akuda pamene pabayidwa kambirimbiri. Palinso zotupa zolimba zimene zimatha kutuluka patapita miyezi, komanso matenda olowera pa singano. Sirinji imodzi ikagawidwa kwa anthu awiri pofuna kuchepetsa mtengo, ndiye kuti njira ya HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B yatseguka. Zoopsa koposa ndi mankhwala osadziwika kumene achokera, ndi silicone wamadzimadzi amene sachoka m'thupi ndipo hyaluronidase sangamusungunule. Ngakhale Sculptra ndi filler wina wotchedwa Radiesse, amene ndi ovomerezeka, sasungunuka ndi mankhwala amenewa, ndipo wobayitsa ayenera kuuzidwa zimenezi asanavomere.

Dziko limene ndikukhalali lisakhale chitsanzo chathu pa nkhaniyi, chifukwa linachedwa kwambiri. Mu 2013, lipoti la boma limene anatsogolera Sir Bruce Keogh linanena kuti munthu wobayitsa mankhwala otere alibe chitetezo choposa cha munthu wogula cholembera kapena mswachi. Ngakhale zinali choncho, panadutsa zaka 8 kuti England iletse kubaya filler ndi Botox ana osakwana zaka 18 pa zifukwa zongokongoletsa, lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2021. Mphamvu yokhazikitsa ziphaso za ogwira ntchitoyi inaperekedwa kwa nduna ya zaumoyo mu 2022. Pa zaka zonsezo, aliyense ankatha kugula filler n'kumabaya anthu popanda kalata ya dokotala, pomwe hyaluronidase, amene ndiye wopulumutsa zinthu zikavuta, sapezeka popanda kalata yoteroyo. Choncho anthu ambiri obaya anali ndi chida chovulazira m'manja koma analibe chochiritsira, ndipo ovulalawo ankathera m'zipatala za boma. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati dziko lokhala ndi madokotala ambiri a khungu ndi a maso linavutika chonchi, nanga ife amene akatswiri oterewa ndi owerengeka, ndipo ambiri a iwo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, tidzatani munthu akavulala ali ku Karonga kapena ku Nsanje? Mafuta oyeretsa khungu anatiphunzitsa kale kuti chinthu chikalowa m'misika ndi m'zikwama za ochita malonda odutsa malire, kuchichotsamo n'kovuta.

Ndikupempha bungwe loona za mankhwala ku Malawi la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kuti linene poyera mitundu ya filler imene ili yololedwa kulowa m'dziko lathu ndi amene ali ololedwa kuitanitsa. Ndikupemphanso mabungwe oyang'anira madokotala ndi anamwino a Medical Council of Malawi pamodzi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi kuti agwirizane za amene ali woyenera kubaya, maphunziro amene akhale nawo, ndi malo amene ntchitoyi ingachitikire, ndiponso kuti pasapezeke wobaya ana osakwana zaka 18 kupatula pa chifukwa cha matenda. Lamulo lina likhale lakuti malo aliwonse obayira filler azisunga hyaluronidase wosatha mphamvu, ndipo pakhale munthu wodziwa kumugwiritsa ntchito.

Kwa owerenga amene akuganiza zobayitsa, kaya kwathu ku Malawi kapena pa ulendo wa ku South Africa, funsani nambala ya kalembera ya amene akukubayaniyo ndipo muitsimikize ku bungwe lake. Onani bokosi la mankhwala likutsegulidwa pamaso panu, werengani dzina ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo mulijambule pafoni kuti dokotala wina adzadziwe chimene chili m'thupi mwanu. Ngati muli oyembekezera, kapena muli ndi zilonda kumaso, dikirani kaye. Mukamva ululu wachilendo, khungu likasintha mtundu, kapena maso akayamba kuchita chidima, musadikire kuti kuche ndipo musamvere wokuuzani kuti ndi mmene zimakhalira; thamangirani kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, mutatenga chithunzi cha bokosi lija.

Ine wowerenga wanu,
Namwino wa ku Malawi,
Manchester, England