Kuzimitsa bokosi la strike zone pakokha sikokwanira

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi amene amasewera baseball pa PlayStation, Xbox kapena Switch, makamaka gemu ya MLB The Show yopangidwa ndi San Diego Studio. Pali langizo limene osewera amapatsana kawirikawiri, lakuti ukafuna gemu ifanane ndi baseball ya pabwalo, uzimitse kabokosi ka strike zone kamene kamaoneka pamwamba pa home plate, chizindikiro cha pansi chimene womenya amaima pambali pake. Langizoli si lolakwika, koma ndi loperewera. Amene amazimitsa bokosi n'kusiya zina zonse mmene zinalili amatha masiku awiri akumenya mphepo, kenako amaliyatsanso n'kumanena kuti gemuyo ndi yoipa.

Tiyambe ndi chimene bokosilo likuyesera kusonyeza. M'malamulo a Major League Baseball, strike zone ndi malo a m'mwamba mwa home plate, imene m'lifupi mwake ndi mainchesi 17, pafupifupi masentimita 43. Mpira umene womenya wausiya umatchedwa strike ukadutsa m'malowa, ndipo ukadutsa kunja umatchedwa ball. Malire a pamwamba ali pakati penipeni pa mapewa a womenya ndi pamwamba pa thalauza lake, ndipo malire a pansi, kuyambira 1996, ndi kadzenje ka kunsi kwa bondo. Muyeso umatengedwa womenya ataima mmene amaimira pokonzekera kumenya. Ndiye zone si imodzi kwa onse. Ya Aaron Judge, wamtali masentimita 201, imayambira pamwamba ndi kuthera pamwamba kuposa ya Jose Altuve wa masentimita 168. Bokosi likakhala loyaka, munthu saphunzira kusiyana kumeneku chifukwa gemu imamuyezera. Akalizimitsa, amasiya mpira wa m'chiuno mwa Judge poganiza kuti wakwera, n'kumenya wa pachifuwa pa Altuve umene unali ball.

Chachiwiri chimene bokosi limabisa n'chakuti mpira ukangokhudza zone ndi kambali kake kokha, ndi strike. Mpira wa baseball ndi wa mainchesi pafupifupi 2.9 kukula kwake, choncho pakati pa mpira pakhoza kudutsa inchi ndi theka kunja kwa mzere, woimbira n'kunena strike popanda kulakwitsa. Tikamayang'ana pakati pa mpira, zone imafika mainchesi pafupifupi 20. Madandaulo ambiri oti gemu yabera amachokera pamenepa. Komanso bokosi ndi chojambula chafulati, pamene zone ya m'malamulo ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo monga home plate yeniyeniyo. Curveball, mpira wokhotera pansi, ikhoza kudutsa pa bondo kutsogolo kwa plate, n'kukathera pafupi ndi fumbi m'gulovu ya wowakha.

Womenya wa pabwalo saona mzere uliwonse. Bokosi ndi la oonera pa TV, ndipo ESPN inalibweretsa mu 2001 ndi dzina loti K-Zone. Choncho musanakhudze chilichonse, sankhani chimene mukufuna kutsanzira, kaya ndi zimene amaona womenya kapena zimene amaona munthu wokhala pampando kunyumba. Wofuna za pa TV asiye bokosi loyaka ndi kusankha kamera ya Broadcast, nkhani yathera pomwepo. Adziwe chabe kuti m'mabwalo ambiri kamera ya pa TV imakhala chakumbali pang'ono kwa woponya, moti mpira wa m'mphepete umaoneka ngati wadutsa pamene sunadutse. Zotsalazi ndikulembera wofuna maso a womenya.

Yambani ndi TV, osati gemu. Kuchokera pamene woponya amapondapo kufika pa home plate ndi mafiti 60 ndi mainchesi 6, kapena mamita 18.44, ndipo fastball ya makilomita 153 pa ola imafika m'masekondi pafupifupi 0.4. Pa gemu yoyenda mafulemu 60 pa sekondi, amenewo ndi mafulemu 24 okha. TV ina ikakhala kuti siili pa Game Mode, imachedwetsa chithunzi mpaka mamilisekondi 100, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo wonse wa mpira. Bokosi likamayaka, munthu amabisa kuchedwaku pongolota. Likazima, alibenso pobisala. Yatsani Game Mode, ndipo zimitsani zija zosalazira kayendedwe ka zithunzi zimene kampani iliyonse imazitcha dzina lakelake.

Kenako kamera. Mu The Show muli makamera a womenya monga Strike Zone, Strike Zone 2, Strike Zone High ndi Catcher. Musasokoneze dzina la kamera ndi bokosi, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makamera a Strike Zone amayandikira kwambiri, n'chifukwa chake opikisana pa intaneti amawakonda, koma kuyandikirako kumachotsa mbali ya thupi la womenya pa sikirini. Bokosi likachoka, thupilo ndiye muyeso wanu, ndipo muyenera kuona bondo, lamba ndi m'mphepete monse mwa home plate. Ngati kamera ikudula mawondo, sankhani yotalikirako kapena muibweze m'mbuyo pang'ono pa zosintha za kamera. Mukaipeza, musaisinthenso kwa magemu osachepera 10, popeza diso limaloweza zone molingana ndi pamene kamera yaima, ndipo kusuntha kulikonse kumakubwezerani poyambira.

Tsopano zojambulidwa pa sikirini. Zimapezeka mu Settings pansi pa Gameplay, ngakhale mayina ndi malo ake zimasuntha chaka ndi chaka. Musazizimitse zonse tsiku limodzi. Choyamba kuchoka chikhale Guess Pitch, chifukwa palibe womenya amene amauzidwa kuti walota bwino mpira usanachoke m'dzanja la woponya. Chotsatira ndi Hot Zones, timabokosi tofiira ndi tabuluu tosonyeza pamene womenya ali wamphamvu ndi pamene ali wofooka. Tikamayaka, timajambula zone yonse ngakhale mzere wa kunja mwauzimitsa, ndipo ambiri sazindikira kuti bokosi lidakalipo m'maonekedwe ena. Mukatha magemu atatu kapena anayi opanda ziwirizi, mzere wa strike zone uchoke.

PCI ndiye pamene pamavuta, ndipo apa ndisiyana ndi amene amati zonse zichoke. PCI ndi chizindikiro chimene mumachiyendetsa ndi kandodo ka kumanzere mukamamenya ndi njira ya Zone, ndipo chimaimira pamene bat idzadutse. Womenya weniweni amamva m'manja pamene bat yake ili. Inu mulibe chokuuzani kupatula chizindikirocho, choncho kuchizimitsa kotheratu kumakuchotserani chinthu chimene wosewera wa pabwalo ali nacho. Chabwino ndi kuchichepetsa. PCI ili ndi zigawo zitatu, Center, Inner ndi Outer. Chotsani Outer, imene kukula kwake kumakupatsani muyeso wa zone mobisa, musiye Center yokha kapena Center ndi Inner, ndipo mutsitse kuwala kwake kufika pakati. Pali ndi Fadeout, imene imazimitsa zigawo zimene mwasankha woponya akayamba kuponya, kuti mpira uziuluka pa sikirini yoyera. Amene safuna chizindikiro chilichonse asinthe njira yomenyera n'kupita ku Directional kapena Timing, m'malo mosewera Zone atatseka maso.

Chimene chiyenera kutsala choyaka ndi uthenga umene umabwera mpira ukadutsa, wosonyeza pamene unadutsa ndiponso ngati munafulumira kapena kuchedwa. Osewera enieni nawonso amaonera mavidiyo akabwerera ku benchi. Popanda uthengawu simungadziwe ngati mwalakwitsa ndinu kapena woimbira.

Woimbirayo ndiye chinthu chimene ambiri amaiwala. Gemu imakulolani kusankha woimbira wosalakwitsa kapena wosinthasintha ngati munthu. Woimbira weniweni sajambula ngodya zakuthwa, zone yake imakhala yozungulirako m'makona. Imakula pang'ono pakakhala ball zitatu popanda strike, n'kuchepa pakakhala strike ziwiri popanda ball, ndipo wowakha waluso amapeza strike zina chifukwa cha kagwiridwe kake ka mpira. Bokosi loyaka ndi woimbira wosinthasintha sizigwirizana, chifukwa muzingoona mpira kunja kwa mzere ukutchedwa strike, n'kumapsa mtima. Bokosi lozima ndi woimbira wosalakwitsa ndi njira yabwino yophunzirira, popeza chigamulo chilichonse chimakuuzani malire enieni. Mukazolowera, ikani wosinthasintha, ndipo pa strike ziwiri muphunzire kuteteza mipira ya m'mphepete m'malo moyembekeza chilungamo.

Wina anganene kuti baseball yeniyeniyo ikupita ku makina, ndipo akunena zoona. Ligi ya KBO ku South Korea inayamba kugamula mpira uliwonse ndi makina mu 2024, ndipo MLB inavomereza kuti kuyambira 2026 timu iliyonse izikhala ndi mwayi wotsutsa woimbira kawiri, osataya mwayiwo ngati yatsutsa molondola. Zone ya makina a MLB imayezedwa pakati pa home plate, pamwamba pake ndi 53.5 peresenti ya msinkhu wa womenya ndipo pansi pake ndi 27 peresenti, kutanthauza masentimita 98 ndi 49 kwa munthu wa masentimita 183. Koma ngakhale pamenepa, womenya, woponya kapena wowakha amatsutsa podzigwira kumutu asanaone bokosi lililonse.

Kumbali yoponya sikufuna mawu ambiri. Zimitsani bokosi, ikani chizindikiro cha mpira choti chizizimiririka, ndipo lunjikani pa gulovu ya wowakha. Ngati chowongolera chanu chimanjenjemera mukafika m'mphepete mwa zone, zimitsaninso kunjenjemerako, chifukwa ndi bokosi lomwelo lobwera kudzera m'manja.

Pophunzira, lowani mu Custom Practice, musankhe woponya wa dzanja lamanja, ndipo muone mipira 30 osamenya, mukunena mokweza kuti strike kapena ball woimbira asanalankhule. Chitaninso chimodzimodzi ndi wa dzanja lamanzere, kenako musinthe womenya, wamtali ndi wamfupi. Mukamalondola 24 mwa 30, yambani kumenya. Ngati zikukanika, tsitsani mulingo wa gemu sitepe imodzi, mwachitsanzo kuchoka pa All-Star kupita pa Veteran, m'malo moyatsanso bokosi.

Kuti mudziwe ngati zosintha zanu zafika pafupi ndi zenizeni, werengani manambala a magemu 10 a ma inning 9. M'zaka zaposachedwapa mu MLB, womenya amapita ku first base pa ball zinayi pafupifupi 8 peresenti ya maulendo ake, ndipo amatuluka pa strike zitatu pafupifupi 22 peresenti. Pa timu imodzi, ndiye kuti ndi ma walk atatu ndi ma strikeout 8 kapena 9 pa gemu, ndipo womenya aliyense amaona mipira pafupifupi inayi. Ngati ma walk anu sakufika awiri, yang'anani kaye ngati mukumenya mipira ya kunja. Ngati simukutero, tsitsani slider (chosinthira mulingo) ya Strike Frequency ya kompyuta, imene imalamula kuchuluka kwa strike zimene woponya wake amaponya, kuchoka pa 5 kufika pa 4, musewerenso magemu 10 musanakhudze china. Mukasintha ma slider awiri nthawi imodzi, simudzadziwa imene yasintha manambalawo.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda baseball