Tithandizeni kuti Chisoli cha ana athu chikamveke ku Geneva

Makolo anzathu, abale ndi alongo a mu Lusaka, ndife komiti ya makolo ndi aphunzitsi ya sukulu ina ya kum'mawa kwa mzinda, panjira ya ku Chongwe. Ambirife timalankhula Chinyanja, mwina n'chifukwa chake nkhaniyi tachedwa kuiona.

Tsiku lina agogo ena achisoli anabwera kudzatenga mdzukulu wawo. Atamulankhula m'Chisoli, mwanayo anayankha m'Chinyanja, maso ali pansi, kuopa kuti anzake amuseka. Agogowo sanakalipe. Anangotikumbutsa kuti makolo awo analima dera lino mzinda usanamangidwe, ndipo mpaka lero anthu a Mfumu Nkomeshya Mukamambo II amachitabe mwambo wa Chakwela Makumbi. Tinachita manyazi. Zinenero zimene boma linasankha kuti ziziphunzitsidwa m'sukulu ndi kumveka pa ZNBC ndi 7 zokha: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Chisoli mulibe. Ife amene timadandaula kuti Chingerezi chatipondereza, kwa mwana uja opondereza ndife.

Mphunzitsi wathu wina ndiye anatitsegula maso. Pali pangano la United Nations la 1966 lokhudza ufulu wa nzika ndi wa ndale, limene Zambia inalowamo mu 1984. Gawo 27 limanena kuti anthu a mtundu, chipembedzo kapena chinenero cha anthu ochepa asaletsedwe kutsata chikhalidwe chawo ndi kulankhula chinenero chawo. Gawo 30 la pangano la ufulu wa ana limanenanso zomwezo za mwana. Pa 18 Disembala 1992 mayiko anawonjezera chikalata china cholimbikitsa maboma kuti, pamene kuli kotheka, ana otere apeze mpata wophunzira chinenero cha makolo awo.

Nanga amalondoloza ndani? Apolisi palibe. Boma limalemba lipoti, akatswiri 18 a ku Geneva amaliwerenga, amafunsa mafunso, kenako amapereka malangizo. Palinso kuunikana kwa mayiko okhaokha, kumene Zambia inaonekerako mu Januwale 2023. Ku Ulaya, pansi pa pangano lawo la 1995, akatswiri amapita okha m'mayiko kukacheza ndi anthu ochepawo. Kuno palibe amene adzafike pasukulu pathu kudzafunsa. Chimene chatilimbitsa mtima n'choti magulu a anthu wamba amaloledwa kutumiza lipoti lawolawo pambali pa la boma. Wolemba lipoti la boma sanamuone mwana uja akuyang'ana pansi. Ife tinamuona.

Ndiye tikufuna kulemba, koma m'manja mulibe kanthu. Choyamba tikusowa munthu wodziwa malamulo, kaya loya kaya wophunzira wa ku UNZA, woti akhale nafe masiku angapo a Loweruka n'kutisonyeza kalembedwe kake, kuti tikaperekenso kope ku Human Rights Commission konkuno. Tikupemphanso akuluakulu odziwa bwino Chisoli atithandize kumasulira magawo awiri aja, chifukwa n'zosamveka kuuza munthu za ufulu wa chinenero chake m'chinenero cha wina. Ndipo ngati alipo agogo amene angamabwere kudzasimbira ana nthano Lachisanu akaweruka, mpando tawasungira kale.

Zina ndi zazing'ono: mapepala, inki ya makina osindikizira, foni yakale yojambulira mawu, ndi ya minibasi yopitira kumidzi ya ku Chongwe kukamva maganizo a makolo. Wina pamsonkhano anafunsa ngati si bwino kuyamba takonza denga lodontha. Funsolo ndi loona, ndipo thumba la denga sitilikhudza. La lipoti lili palokha, msungichuma azilemba ngwee iliyonse m'buku loti aliyense aone.

Amene muli ndi ana pasukulu pano, tumizani thandizo lanu kudzera kwa mphunzitsi wamkulu. Msonkhano uliko Loweruka loyamba la mwezi wamawa, m'kalasi ya giredi 4. Mukabwere ndi agogo.