Ovolosi sisandutsa mkazi kukhala mwamuna

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule ndi zomwe anachita mlonda uja wa pa depoti ya mabasi, amene anakoka mtsikana pakhomo la chimbudzi cha amayi n'kumugwira pachifuwa anthu akuona, ati pofuna kutsimikiza ngati ndi mkazidi. Mlandu wa mwanayo unali woti anavala ovolosi, jombo ndi chipewa, ndipo kumutu ndi wometa. Ankachokera kuntchito yake yowotcherera zitsulo. Akuluakulu amene anaima pompo ankangoseka, ena ali kalikiliki kujambula pa foni.

Kodi bambo ameneyu amafuna kuti mwanayo awotcherere zitsulo atavala chiyani? Meshi ndi wigi zambiri ndi ulusi wa pulasitiki. Kamoto kamodzi kothetheka kakagwerapo, ulusiwo umasungunuka n'kumatirira pakhungu la kumutu. Nsalu ya nayiloni imachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake ovolosi yoyenera imakhala ya thonje lokhuthala, ya manja aatali, yomanga mpaka pakhosi, miyendo yake yophimba kukamwa kwa jombo kuti kachitsulo kamoto kasagwere mkati. Ndolo, mphete ndi tcheni cha m'khosi amavula asanagwire makina, chifukwa zimatentha msanga komanso magetsi amadutsamo mosavuta. Nanga chitenje? Ndi nsalu ya mamita awiri yongokulunga m'chiuno. Nsonga yake ikakodwa pa lamba wa chigayo kapena pa tcheni cha njinga yamoto, makina saima kuti afunse. Amakoka nsaluyo pamodzi ndi mwini wake.

Tsono onani zomwe zachoka pamenepa: tsitsi, ndolo ndi chitenje, zinthu zitatu zomwe maso a mumsewu amazindikirira mkazi. Onjezerani apa kuti maovolosi ambiri a m'masitolo amasokedwa poyeza thupi la mwamuna, mapewa otambalala, m'chiuno mowongoka. Mtsikana amakakamizika kugula yokulirapo kuti imukwane m'chiuno, ndiye imamumeza thupi lonse. Wavala motsatira malamulo a ntchito, malipiro ake n'kukhala manja a mlonda pachifuwa.

Chomwe chikundiwawa kwambiri ndi tsankho lake. Ansembe amavala mikanjo yofika ku akakolo. Asilamu amavala mikanjo popita ku mzikiti Lachisanu. Oweruza milandu amavala mawigi. Ndani anawaimitsapo pakhomo la chimbudzi cha abambo kuti awapapase? Ndipo tsitsi lometa lidayamba liti kukhala chizindikiro cha umuna, pomwe atsikana a m'sukulu zambiri za boma amameta chifukwa aphunzitsi amatero? Timawameta tokha ali ku pulayimale, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA n'kumawalimbikitsa kuphunzira zamagetsi, umakaniko ndi zomangamanga, koma akavala zovala za ntchitozo tikuwachititsa manyazi pagulu.

Mzimu umenewu tikuudziwa kochokera. Lamulo la kavalidwe la mu 1973, nthawi ya Kamuzu, linkaletsa amayi kuvala thalauzi kapena siketi yoonetsa mawondo, ndipo abambo a tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Lamulolo lidathetsedwa pomwe dziko limalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri, koma m'mitu mwa ena likugwirabe ntchito. Mu January 2012 mavenda anavula amayi a mathalauzi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachita kudzudzula poyera, ndipo Mayi Joyce Banda, ali wachiwiri kwa pulezidenti, anakhala nawo pa msonkhano wa amayi okwiya ku Blantyre. Zaka zonsezi zapita, mlonda wovala yunifolomu akuchitabe zomwe ankachita mavenda aja.

Malamulo ali poyera. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ulemu wa munthu, gawo 20 limaletsa tsankho. Lamulo la mu 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa kugwiragwira munthu mosayenera. Ngakhale wapolisi weniweni, akafuna kusecha mayi amene wamangidwa, amayenera kuitana mayi mnzake. Mphamvu zoposa za apolisi mlondayu anazitenga kuti?

Ndipo ndani amawaphunzitsa alonda amenewa? Makampani ena amangopereka chibonga, wenzulo ndi malaya, mawa lake munthu ali pageti. Zimbudzi zomwe akuzilonderazo n'zolipira, koma kampopi madzi kulibe, zitseko zilibe maloko, sopo ndiye musachite kufunsa. Ndalama amatolera tsiku ndi tsiku. Mphamvu zopapasa ana a eni zilipo, zokonzera loko mmodzi palibe.

Makhonsolo alamule kuti pakhomo la chimbudzi cha amayi pazikhala mlonda wamkazi, ndipo aliyense wolembedwa ulonda auzidwe tsiku loyamba kuti akakayika afunse ndi pakamwa, mwaulemu, manja ali kumbuyo, ndipo yankho la munthuyo likhale lokwanira. A bungwe la Malawi Human Rights Commission aitanitse kampani yomwe idalemba mlondayu, apolisi atsegule mlandu, ndipo amene ali ndi kanemayo pa foni aifufute.

Mlangizi wa ntchito zamanja,
Lilongwe