Mlaliki uja atisiyire maliro athu, za ku Yemen sakuzidziwa

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za zomwe zinachitika pa maliro ku Mufakose kuno Loweruka lapitali, amene analipo akudziwa kale zomwe ndikunena. Mayi wachikulire watisiya, ana akulira, tonse tikudikira mawu otonthoza, basi mlaliki wina wa jekete yonyezimira watenga maikolofoni n'kuyamba kutiphunzitsa za nkhondo ya ku Yemen. Eti anaona kavidiyo pa WhatsApp. Eti Asilamu ndi choncho, akasowa wopha amaphana okhaokha, awa Shia awa Sunni, ndiye tizichenjera nawo. Izitu akuyankhula pamaso pa alamu ake a malemu, Ayao a ku mzikiti wa ku Mbare, anthu amene anachezera pa siwa usiku wonse pa simenti yozizira, akazi awo anavundula nsima mpaka maso kufiira ndi utsi, anasonkha nawo ndalama ya basi yopita kumanda ku Mbudzi, pomwe iyeyo anangobwera ndi chikwama cha Baibulo ndi njala yake. Mkulu wina wa kofia yoyera anangoti zyoli kuyang'ana nsapato zake mpaka ulaliki kutha. Manyazi anagwira ife, mwini mawu ali phee, kenako mbale ziwiri za nyama wamaliza.

Ndiye poti bambowa ndi pulofesa wa za Yemen tsopano, atiyankheko. Nkhondo ya kumpoto kwa Yemen ya m'ma 1960 ija, Egypt ya Nasser itatumiza asilikali kukathandiza mbali ya ripabuliki, ndani ankapereka ndalama ndi mfuti kwa imamu, mfumu yochotsedwa pampando ya chiZaydi, imene ndi nthambi ya Shia? Saudi Arabia yomweyi. Kenako ndi imene inkaponya mabomba pa ma Houthi, gulu lankhondo la kumpoto la a chiZaydi omwewo, kuyambira March 2015 mpaka 2022. Chipembedzo chinasintha liti pamenepa? Pulezidenti wakale wa Yemen Ali Abdullah Saleh nayenso anali wa mtundu wa chiZaydi koma anamenyana ndi ma Houthi nkhondo zisanu ndi imodzi pakati pa 2004 ndi 2010, atamuchotsa pampando anakagwirizana nawo n'kuwathandiza kulanda likulu la dzikolo, Sanaa, mu 2014, kenako mu December 2017 atafuna kuwatembenukira anamupha. Nkhani ya mpando iyi achimwene, osati mapemphero. Kumwera nakonso, gulu lofuna kuti kumwera kudziimire palokha la Southern Transitional Council, lothandizidwa ndi dziko la United Arab Emirates, linathamangitsa asilikali a boma mu mzinda wa Aden mu 2019, boma lake lothandizidwa ndi Saudi Arabia, onsewo Sunni, onsewo amati ndi adani a ma Houthi. Dziko lenilenilo linali mayiko awiri mpaka 1990 ndipo mu 1994 kumpoto ndi kumwera anali atamenyana kale.

Sindikuyeretsa ma Houthi ayi, anthu otchera mabomba okwirira m'minda, olemba ana usilikali, amene anatsekera anthu a mu mzinda wa Taiz zaka ndi zaka, ndipo Iran imawapatsa zida aliyense akudziwa. Koma poti mlalikiyo amakonda kulalikira pa maliro, bwanji sanatiuze za maliro a ku Sanaa a mu October 2016, pomwe ndege za mgwirizano wa Saudi Arabia zinaphulitsa holo yodzadza ndi anthu okapepesa, anthu oposa 140 kufera pomwepo? Nanga basi ya ana a sukulu ku Dahyan mu August 2018, ana 40, bomba lake lopangidwa ku America? Britain nayo yagulitsa ndege ndi mabomba osati masewera. Kodi ku London ndi ku Washington kuli mashehe amene amasainira ma kontirakiti amenewa? A UNDP, nthambi ya chitukuko ya United Nations, anawerengera kuti pofika kumapeto kwa 2021 nkhondoyi idzakhala itapha anthu pafupifupi 377,000, ndipo ambiri mwa iwo si zipolopolo ayi koma njala ndi matenda. Kolera yokha, oganiziridwa kuti adwala anapitirira miliyoni mu 2017. Ife a kuno tikukumbuka Budiriro mu 2008, tikudziwa kuti kolera safunsa kuti umapemphera Lachisanu kapena Lamulungu.

Chimene chikundinyansa kwambiri n'chakuti munthu wa kuno sayenera kuuzidwa zimenezi. Renamo, gulu la zigawenga la ku Mozambique, inaleredwa ndi akazitape a boma la Smith mu mzinda uno womwe uno udakali Salisbury, kenako a tsankho a ku South Africa anaitenga n'kuipitiriza, anthu pafupifupi miliyoni anathawira kwathu ku Malawi mpaka mtendere wa 1992. Palibe ananena kuti anthu a ku Mozambique amabadwa okonda kuphana. Ndipo ifeyo, ana a anthu obwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, zitupa zathu zinalembedwa alien zaka zingati? Mayina amene amatiitana m'makombi mukuwadziwa, sindiwalemba pano. Potinyozapo sankasankha kuti uyu Mchewa wa ku tchalitchi uyu Myao wa ku mzikiti, tonse anatiika m'thumba limodzi. Lero tayamba kusankhana tokha chifukwa cha kavidiyo ka masekondi makumi atatu, bandulo yake mwina yopemphetsa. Chaona mnzako chapita, zoona akuluakulu sananame. Komanso awa olalikira m'mabasi ndi pa Mbare Musika nawo anyanya, nkhondo iliyonse kwa iwo ndi chizindikiro cha masiku otsiriza, mapeto ake n'kuyendetsa kambale ka chopereka.

Malamulo a dziko lino a 2013 amapereka ufulu wa chipembedzo kwa aliyense, ndipo lamulo loti usamnamizire mnzako lili mu Eksodo 20 m'buku lomwe iye ananyamula. Akulu a mpingo wake amuitanitse, akapepese ku banja lija, atenge nkhuku kapena apite chimanjamanja zili kwa iwo. A komiti ya sosaiti ya maliro nanu musamangolemba zopereka m'kope, ikani lamulo, ulaliki mphindi makumi awiri, ukapitirira zimitsani sipika. Inu akonzi tilembereniko tsamba limodzi lofotokoza za Yemen m'Chichewa kuti tizitumizirana pa magulupu m'malo mwa timavidiyo timeneti.

Ine wokhumudwa,
Mufakose, Harare