Graphics card yatsopano isamadalire power supply yosadziwika mbiri

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhule ndi achinyamata a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu amene akupezera chakudya pa kompyuta. Kuyambira pa boma mpaka ku Linthipe, Chimbiya ndi Lizulu, masiku ano kuli anyamata ndi atsikana amene amalumikiza makanema a maukwati ndi zinkhoswe, kukonza zithunzi, kujambula makwaya, ndipo ena ali ndi malo osewerera magemu. Ntchito zimenezi zimafuna kompyuta yamphamvu, choncho ambiri akasonkhanitsa kandalama amakwera minibasi ya ku Lilongwe kukagula graphics card, khadi lothandiza kompyuta kuonetsa ndi kukonza zithunzi ndi makanema mofulumira. Khama lawo ndi loyamikika, koma ine monga wokonza makompyuta ndili ndi nkhawa chifukwa khadi lodulalo likafika kunyumba limalumikizidwa ku power supply yakale kapena yotchipa imene palibe anayamba waifufuza.

Power supply ndi bokosi lachitsulo lija lili ndi fani, limene limalandira magetsi a 230V a pakhoma n'kuwasandutsa 12V, 5V ndi 3.3V kuti zipangizo zam'kati zigwire ntchito. Chipangizo chilichonse chimadalira bokosi limeneli, ndipo likawonongeka silifa lokha nthawi zonse. Nthawi zina limapita ndi motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo), khadi latsopanolo, ngakhalenso hard drive mmene muli kanema wa ukwati wa eni ake, umene sungachitikenso kachiwiri kuti munthu akajambulenso.

Makompyuta ambiri amene tili nawo kuno ndi akaunjika, ochokera m'maofesi akunja, monga a Dell OptiPlex ndi ena a HP. Ndi makina olimba pa ntchito imene anapangidwira, yolemba makalata ndi kuwerengera ndalama, koma power supply zake zambiri sizifika mawati 300, ndipo zina zili ndi mapulagi amtundu wawowawo moti simungangozichotsa n'kuikamo ina iliyonse ya m'sitolo. Mpata wa PCIe pa motherboard, pamene timalowetsa khadi, umapereka mawati 75 okha. Khadi laling'ono ngati GTX 1050 Ti limakhutira ndi zimenezo, koma GTX 1660 Super imafuna mawati 125, RTX 3060 imafuna 170, ndipo RX 580, imene imapezeka kwambiri pa makhadi ogwiritsidwapo kale ntchito, imafuna 185. Zotsalazo zimayenera kubwera kudzera pa waya wapadera wochokera ku power supply, ndipo pulagi ya mapini 6 imaloledwa kunyamula mawati 75, pamene ya mapini 8 imanyamula 150.

Pamene ambiri timanyengedwera ndi pa nambala yaikulu yolembedwa pa katoni. Munthu akaona 500W kapena 650W mtima umakhala pansi, poganiza kuti mphamvu ilipo yokwanira ndi yotsala. Ndikupempha aliyense kuti asanatulutse ndalama atembenuze bokosilo, ayang'ane pepala lomatidwa m'mbali mwake, apeze mzere wolembedwa +12V, chifukwa khadi ndi purosesa (ubongo wa kompyuta), zomwe zimadya mphamvu kwambiri, zimakoka pa mzere umenewu. Pansi pake pamakhala nambala yothera ndi chilembo A. Mukachulukitsa nambalayo ndi 12 mupeza mawati enieni amene khadi ndi purosesa zigawane. Ndagwirapo ndi manja angawa mabokosi opepuka ngati mulibe kanthu, olembedwa 500W ndi zilembo zazikulu, koma pa +12V palembedwa 18A, kutanthauza mawati 216 basi. Tsono tiyeni tiwerengere limodzi: purosesa ya mawati 65 ndi RTX 3060 ya mawati 170 zafika kale pa 235, tisanawerengere mafani, ma hard drive ndi motherboard. Bokosi lotere lalephera mayeso lisanayatsidwe n'komwe. Power supply yoona ya 550W, yomwe ndi imene kampani ya Nvidia, yopanga ma RTX, imalangiza pa khadi limeneli, imakhala ndi pafupifupi 45A pa mzere womwewo. Ndipo tisaiwale kuti khadi silikoka mphamvu mofanana nthawi zonse. Pali timphindi tina pamene limakoka mopitirira nambala yake yolembedwa, n'chifukwa chake pamafunika mpata wotsala, osati kuwerengera ndendende.

Zizindikiro za vutoli n'zodziwika kwa aliyense amene wakhalapo pa benchi yokonzera. Kompyuta imayaka bwinobwino, imatsegula mapulogalamu, imaimba nyimbo tsiku lonse, koma mukangoyamba kutulutsa kanema amene mwalumikiza, kapena gemu ikafika pothina, imazima yokha kapena kuyambiranso. Mwini wake amaganiza kuti ndi vairasi, amaikanso Windows, ena amabweza khadi kwa wogulitsa n'kukangana naye kuti anawagulitsa lakufa, pamene wolakwa ali phee pakona.

Chimene chimandiopsa kuposa zonse ndi timaadaputa totchipa timene timasandutsa pulagi ya SATA, ija yopatsa hard drive magetsi, kukhala ya mapini 6 kapena 8. Power supply ikakhala kuti ilibe waya wa khadi, kumeneko ndi kukuuzani kuti sinapangidwire ntchito imeneyo, koma kaadaputako kamabisa chenjezolo. Pulagi ya SATA inapangidwa kuti izinyamula mawati osapitirira 54 pa 12V, ndiye ikakakamizidwa kudyetsa khadi lofuna 150 imatentha. Mnyamata wina anabweretsa kompyuta yake atayikulunga m'chitenje, ndipo titatsegula tinapeza pulasitiki ya adaputa itasungunuka n'kumatirira ku khadi, waya wachikasu atada bii, fungo la kupsa likadali m'kati. Anali ndi mwayi kuti inazima iye ali pomwepo, chifukwa ambiri amasiya kanema akutuluka usiku iwo n'kukagona, m'chipinda mmene mulinso matiresi ndi makatani. Ndionjezere kuti pulagi ya mapini 8 ya purosesa ndi ya khadi zimaoneka ngati zofanana koma mawaya ake anasanjidwa mosiyana, ndipo mawaya ochotseka a power supply ya kampani ina asamalowetsedwe pa ya kampani ina ngakhale atalowa bwino.

Ena amadalira chizindikiro cha 80 Plus. Ndondomeko imeneyi inayamba mu 2004, ndipo imayeza kuti pa magetsi amene bokosi lakoka pakhoma, ochuluka bwanji afika ku zipangizo m'malo motayika ngati kutentha. Chizindikirochi chili ndi magawo: Bronze imaposa wamba, Gold imaposa Bronze. Zimathandiza pa mayunitsi, koma si umboni wakuti zam'kati ndi zolimba, komanso chomata aliyense angathe kusindikiza. Chofunika kuyang'ana ndi ngati bokosilo lili ndi chitetezo cholembedwa OVP, OCP, OPP ndi SCP, chimene chimazimitsa makina magetsi akakwera mopitirira, katundu akachuluka kapena mawaya akagundana, komanso zaka za waranti. Makampani odziwika monga Seasonic, Corsair ndi Cooler Master amapereka zaka 5 kapena kuposerapo pa mitundu yawo yabwino, ngakhale kuti nawonso ali ndi mitundu yotsika, choncho dzina la kampani lokha silokwanira. Lembani nambala ya mtunduwo muifufuze pa intaneti musanalipire.

Nkhaniyi ndi yaikulu kwa ife kuposa kwa anzathu a kumayiko kumene makhadiwa amapangidwa, chifukwa cha mmene magetsi athu alili. Tonse tikukumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, pamene ambiri anayamba kudalira majenereta ang'onoang'ono amene mphamvu yake imakwera ndi kutsika. Kuno kumapiri, mvula ikayamba ziphaliwali sizisowa, ndipo mu Okutobala fumbi limadzaza m'mafani mpaka bokosi kumapuma movutikira. Power supply yabwino imapirira magetsi akaphethira kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo zambiri zamakono zimalandira kuyambira 100V mpaka 240V. Komabe siingalowe m'malo mwa UPS (bokosi la batire lopatsa kompyuta mphamvu magetsi akazima) kapena chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo mvula ya ziphaliwali ikayandikira, kuzula pulagi pakhoma ndiye chitetezo chenicheni. Amene ali ndi mabokosi akale okhala ndi kaswichi kofiira kumbuyo aonetsetse kuti kali pa 230, chifukwa kakakhala pa 115 bokosi limaphulika nthawi yomweyo. Ndipo pasapezeke wotsegula power supply kuti aikonze yekha, popeza m'kati mwake mumatsala magetsi oopsa ngakhale itazulidwa pakhoma.

Ndikudziwa kuti ndalama ikuvuta. Chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chipangizo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo munthu amene wathera zonse pa khadi sakhala ndi yotsala. Maganizo anga ndi akuti power supply iwerengeredwe pamodzi ndi mtengo wa khadi kuyambira pachiyambi, ndipo ngati ndalama sikukwanira zonse ziwiri, kuli bwino kugula khadi locheperako mphamvu kusiyana ndi kulumikiza lalikulu ku bokosi losadziwika. Power supply yakaunjika sindiilimbikitsa n'komwe, chifukwa zam'kati mwake zimakalamba mosaoneka ndi maso.

Kwa ogulitsa, pempho langa ndi lakuti wogula khadi muzimufunsa kompyuta imene akukaliikamo, ndipo pa risiti ya power supply muzilemba dzina la kampani, nambala ya mtundu wake ndi miyezi ya waranti. Ndikupemphanso a Malawi Bureau of Standards ndi a Competition and Fair Trading Commission kuti akamayendera masitolo aziyang'anako mabokosi amenewa, makamaka aja amene mawati olembedwa pa katoni sakugwirizana ndi manambala a pa mzere wa +12V.

Ine wanu,
Wokonza makompyuta,
Dedza boma